Mwini Filimu Safa

Adzukulu anga, masiku ano filimu ikangotuluka mumayamba mwafunsa foni kuti anthu akuti bwanji. Mumawerenga zimene olemba nkhani a ku London kapena ku Lagos anena, mumaona nyenyezi zimene aipatsa, ndipo zikakhala ziwiri zokha simuvutikanso n'kuionera. Ife sitinakule choncho. Filimu inkatipeza tisanamvepo ndi dzina lake lomwe, ndipo mlandu wake unkazengedwa usiku womwewo, pabwalo pomwepo, mokweza mawu. Oweruza tinali ife tomwe, ndipo amene anaijambula akanamva chigamulo chathu, nthawi zambiri sakanagona tulo.

Ndiyambe ndi zimene bambo anga ankasimba, ine ndisanabadwe. M'chaka cha 1935 azungu awiri, Notcutt ndi Latham, anatsegula malo ojambulira mafilimu ku Vugiri, m'mapiri a ku Tanganyika. Ndalama zinachokera ku bungwe la Carnegie la ku America, ndipo amishoni ndiwo anali eni ntchitoyo. Ankafuna kuona ngati munthu wakuda angaphunzire kanthu poonera zithunzi zoyenda. M'zaka ziwiri anajambula mafilimu 35, okamba za msonkho, za kusunga ndalama ku positi ofesi, za ulimi ndi za chipatala, n'kuwakweza pa lole kuzungulira nawo ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia mpaka kuno ku Nyasaland. Mawu sanali m'filimu. Ankawajambula padera pa mbale za galamafoni, ndipo mwa zilankhulo zimene anajambulazo munali Chinyanja ndi Chitumbuka. Ndiye taganizani, chithunzi chili pa nsalu, mawu ali pa mbale, munthu mmodzi akulimbana nazo kuti ziyendere limodzi. Bambo ankati zikasemphana, mbale inkatamanda ng'ombe yonenepa pamene pa nsalu paima mfumu, ndipo chimenecho ndicho anthu anachikumbukira zaka zambiri, za msonkho zija ataziiwala kalekale. Ntchitoyo inatha mu 1937.

Nthawi imeneyo ndi imene kunabadwa akatswiri achilendo, azungu amene ankabwera kudzaweruza ife oonerera m'malo moweruza filimu. Ankakhala chapambali ndi kabuku m'manja, n'kumalemba pamene taseka ndi pamene takhala chete. Wamkulu wawo anali William Sellers, amene poyamba anali wa zaumoyo ku Nigeria, kenako mu 1939 n'kupatsidwa udindo woyendetsa Colonial Film Unit ku London. Iyeyu anaika malamulo akuti filimu ya Mwafirika iziyenda pang'onopang'ono, isamadumphe nthawi, kamera isamayendeyende, poti ati mitu yathu ingasokonezeke. Azungu a mafilimuwa anali ndi kankhani kamene ankakonda kusimbirana. Ati pamudzi wina anaonetsa filimu ya malungo, udzudzu n'kuonekera pafupi mpaka kudzaza nsalu yonse, ndiye anthu akuti, kwathu kuno tili pabwino, udzudzu wathu ndi waung'ono. Kankhani kameneka kanayenda m'maiko ambiri, mudzi wake n'kumangosinthasintha. Ine sinditsutsa kuti wina anayankhula mawu amenewo. Chimene ndimakana n'chakuti ankawakhulupiriradi. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la kumudzi amadziwa kuti sipasowa munthu wa nthabwala, woponya mawu nkhope ili gwa, khamu lonse n'kufa nalo phwete. Mzungu wa kabuku uja mawu anawamva, koma nthabwala inamudutsa.

Zanga zoona ndi maso zinayamba ndili mnyamata wa sukulu kwathu ku Ntcheu, zaka za m'ma 1950 zitangoyamba. Apa n'kuti mafilimu akuchokera ku Salisbury, kumene tsopano mumati Harare, ku Central African Film Unit, imene inakhazikitsidwa mu 1948 kuti izijambulira maiko atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Uthenga unkatsogola ndi mesenjala wa kwa DC kuti tsiku lakutilakuti kubwera bayisikopo. Tsikulo mbuzi zinkatsekeredwa dzuwa likanali m'mwamba, nsima n'kudyedwa msanga. Galimoto ikafika, anyamata ake ankazika mitengo iwiri, kumangapo nsalu yoyera, n'kukokera injini ya magetsi patali kuti isasokose, koma inkasokosabe. Amfumu ndi nduna zawo pamipando, abambo mbali iyi, amayi ndi makanda mbali iyo, ife ana kutsogolo m'fumbi. Ochedwa ankakhala kuseri kwa nsalu poti chithunzi chinkaoneka konsekonse, kungoti kuseriko anthu onse a m'filimu ankakhala amanzere.

Mafilimu oyambirira a ku Salisbury analibe mawu. Pambali pankaima munthu wa boma ndi chimkuzamawu, kutiuza zimene anthu a pa nsalu akunena. Nkhani kawirikawiri inali imodzimodzi ngakhale mayina ankasintha: anthu awiri, wina wanzeru wina chitsiru. Imodzi mwa zoyambirira dzina lake linali The Two Farmers. M'mafilimu oterewa wanzeru amamvera alangizi, amathira manyowa, amalima mizere yopingasa, amasunga ndalama ku positi, pamapeto n'kugula njinga kapena pulawo, mkazi wake ali mu diresi yatsopano. Chitsiru chimakhalira mowa ndi kugona pansi pa mtengo, madzi n'kukokolola munda wake, filimu n'kutha chili m'zigamba. Ojambulawo ankayembekeza kuti tonse tichoka pabwalo tikusirira wanzeru uja.

Ife tinkakonda chitsiru. Wanzeru anali munthu wotopetsa, wosaseka, wongogwedezera mutu alangizi. Chitsiru ndicho chinkagwa m'matope, kuthamangitsidwa ndi mkazi, kuvina chikho chili m'manja. Chikangotulukira pa nsalu bwalo lonse linkadzuka, ndipo mawa lake kudambo ife abusa a ng'ombe tinkalimbirana kuti ndani akhale iyeyo. Akuluakulu anali ndi milandu yawo. Agogo anga aamuna ankafunsa mokweza, osasamala za amfumu kapena mesenjala, kuti munda waukulu chotere anaupeza kuti munthu ameneyu, ndipo chimanga chakecho anagulitsa kwa yani kuti agule njinga chaka chimodzi. Amayi nawo ankayang'ana zawo, kasinjidwe, kaberekedwe ka mwana, ukulu wa nkhokwe. Akaona mtsikana wa pa nsalu akupeta mosadziwa ankati ameneyu sanalangizidwe, ndipo filimu inkathera pomwepo, zotsalazo panalibenso wozikhulupirira.

Ina imene ndimaikumbukira ndi Mulenga Goes to Town, yojambulidwa ku Northern Rhodesia. Mnyamata wa kumudzi atumidwa kutauni kukagulitsa nkhuku, zimuvuta kumeneko, abwerera chimanjamanja. Ankafuna kutiuza kuti khalani kumudzi, tauni ndi yoipa. Ife tinaona misewu, masitolo, njinga zosawerengeka, ndipo palibe filimu imene inatipatsa chilakolako cha tauni kuposa imeneyo. Tinkangoti Mulenga ndi wopepera payekha, ifeyo sizingatichitikire.

Munthu wamphamvu kuposa onse usiku wotere anali wa chimkuzamawu uja. Akakhala wouma pakamwa, ngakhale filimu yabwino inkafa. Akakhala wamsangala, ankafika masana n'kucheza ndi anyamata a pamudzi, kufunsa za uyu ndi za uyo, ndipo madzulo chitsiru cha pa nsalu chinkalandira dzina la chidakwa chodziwika cha pamudzipo, mwiniwake ali pomwepo. Mlangizi wa m'filimu akamalongosola za manyowa, iye ankamuika mawu ena m'kamwa, ofunsa ngati panyumbapo patsala masese. Woyang'anira galimoto akamva chiseko chija ankakalemba kuti filimu yalandiridwa bwino.

Zinasintha pamene filimu ndi chindapusa zinayamba kunena chinthu chimodzi. Nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, njala ya 1949 itangodutsa, boma linalimbitsa malamulo amene anthu ankangowatchula kuti malimidwe: kulima mizere yopingasa, kukumba milambala, kuzula zitsa za fodya ndi thonje tsiku loikika lisanadutse. Wolephera ankalipitsidwa, ena ankamangidwa. Zina mwa nzeruzo zinali zabwino ndithu, mpaka lero tikuzichita popanda wotiima kumbuyo. Koma munthu amene masana walipira chindapusa cha mlambala, madzulo n'kumuonetsa filimu yotamanda mlambala womwewo, mukuganiza aomba m'manja? Mu 1953, chaka chimene anatilowetsa mokakamiza m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi ya Makosi Gomani II inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo boma linaichotsa pampando. Kwathu kuchokera pamenepo galimoto ya kanema inasiya kukhala mlendo wa mudzi, inasanduka pakamwa pa Chitaganya. Ankayamba ndi nkhani za boma, damu la Kariba, mtsogoleri wa Chitaganya Welensky akugwirana chanza ndi mafumu, ndipo anthu ankayamba kung'ung'udza, amayi kupinda mikeka, anyamata a Congress kuyambitsa nyimbo kumbuyo mpaka chimkuzamawu kugonja. A Kamuzu atatera pa Chileka pa 6 July 1958, ndiponso anthu atamangidwa m'March 1959, zinafika poti ndinaona galimoto ikubwerera nsalu isanamangidwe, pabwalo pali ana ndi agalu okha. Central African Film Unit inatha limodzi ndi Chitaganya mu 1963, ndipo sindinamve wina akuilira.

Komatu kanema amene anatigwira mtima sanabwere pa galimoto ya boma. Anabwera pakamwa pa matchona amene anakumbukira kwawo. Amalume anga ndi anzawo, opita ndi Wenela ku Joni, ndi Mthandizi ku Halale, kapena paokha ku migodi ya kopa ku Luanshya ndi ku Mufulira, ankaonera bayisikopo m'makomboni sabata ndi sabata. Kumeneko ankaonetsa Charlie Chaplin ndi makauboyi a ku America. Ku migodi ya kopa kauboyi aliyense wolimba mtima ankatchedwa Jack, kaya wosewerayo ndi ndani. Mayi wina wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 akufufuza moyo wa pamgodi, ndipo m'buku lake Copper Town analemba mmene khamu linkaimirira n'kumakuwira Jack pa ndewu. Ife zimenezo tinazimva kwa amalume bukulo lisanalembedwe. Ankatisewerera filimu yonse pamoto, iwo okha kukhala Jack, kukhala hatchi, kukhalanso zigawenga zonse, kugwa n'kudzuka, ife m'mawa n'kumasema mfuti za mitengo. Abusa a mpingo ndi akuluakulu a boma ankada nkhawa kuti mafilimu awa aphunzitsa anyamata umbava ndi kuderera azungu, choncho ankawadula asanafike ku komboni. Zotsala zinali mahatchi, fumbi ndi zibakera. Kenako akatswiri omwewo n'kumalemba kuti Mwafirika satsata nkhani, amangokonda ndewu, chonsecho nkhaniyo aidula okha.

M'nyumba ya kanema yeniyeni ndinalowamo nditayamba ukalaliki ku Limbe, dziko litalandira kale ufulu. Ku Blantyre kunali Apollo ndi zina zingapo. Mipando yotsika mtengo inali kutsogolo, kopweteketsa khosi, ndipo bwalo la milandu linali kumeneko. Filimu isanayambe ankaonetsa a Kamuzu akubayibitsa anthu, nyimbo ya fuko ikulira, tonse chilili. Panalibe wofuna kudziwa chimene chimachitikira wokhala pansi. Mu 1968 kunabwera lamulo lokhazikitsa Censorship Board, ndipo filimu iliyonse inkayamba yadutsa m'maso mwawo ndi pa lumo lawo. Dziko limene mu 1973 linaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yoonetsa mawondo silikanalekerera zambiri pa nsalu. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo chithunzi chinkadumpha, n'kuwapeza ali patebulo akumwa tiyi kutacha. Mafilimu ena ankatuluka m'manja mwa bungweli ngati chitenje chodyedwa ndi makoswe, munthu amene anali bwenzi posachedwapa wasanduka mdani, chifukwa chake chatsala ku ofesi. Chithunzi chikadumpha, mipando ya kutsogolo inkaimba malikhweru. Zaka zimenezo munalibe zinthu zambiri zimene munthu akanatsutsa pagulu m'dziko muno n'kukagona kunyumba kwake, koma likhweru la mumdima silidziwika mwini wake.

M'nyuzipepala munkakhala zolengeza kuti sabata ino kuli filimu yakuti, nthawi zina ndi mawu oitamanda ochokera kunja. Sitinkazilabadira. Funso la Lolemba m'mawa m'basi linali lalifupi: muli ndewu? Filimu imene kunja aipatsa mphoto, anthu a masuti akungoyankhulana m'chipinda, tinkati ndi yongolongolola, ndipo pofika Lachitatu kutsogolo kuja kunali mbee. Musatiseke msanga. Chingerezi cha ku America chija, cha m'mphuno, chotuluka m'zimkuzamawu zakutha, ngakhale ife a JC tinkangotolako mawu apa ndi apo, kuwonjezera lumo lija. Chimene sichinkafuna womasulira linali thupi la munthu. N'chifukwa chake Bruce Lee atafika anagwedeza tauni yonse. Enter the Dragon inatuluka mu 1973, mwiniwake atangomwalira kumene ku Hong Kong ali ndi zaka 32, koma anyamata a ku Ndirande ndi ku Bangwe anakana za imfayo kwa nthawi yaitali. Lamulo linali lodziwika, mwini filimu safa. Amenyedwe, amangidwe, akhe magazi, pamapeto adzuka basi. Filimu yoyerekeza kupha mwini wake tinkati yatibera, anthu n'kutuluka akuitanitsa ndalama zawo. Timitengo ta Bruce Lee tiwiri tolumikiza ndi tcheni tija tinatupitsa mitu ya ana ambiri, makamaka eni ake.

Amene tinkamudalira kutiuza ngati filimu ndi yoyenera ndalama anali mnzathu woyamba kupeza ya tikiti. Iye ankaonera Loweruka, Lamulungu masana n'kutisimbira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Malo odulidwa aja ankawadzaza yekha, ndipo zimene ankaikamo zinali zoopsa kuposa zimene a bungwe anachotsa.

Kumudzi galimoto sinasiye kubwera, inangosintha mtundu. Kunabwera zachikasu za unduna wa zamalimidwe, zonyamula mafilimu a achikumbe ndi zidole zoyankhula, ndipo zidole zinkakondedwa kuposa mafilimu poti zinkakangana m'Chichewa chathu. Wailesi ya kanema tinalibe mpaka 1999. Masewero athu anali a m'khutu ndi a pansanja, Kapalepale pa MBC, Izeki ndi Jakobo, Du Chisiza ndi Wakhumbata yake. Osewera tinali nawo, kamera ndiyo inasowa. Kenako kunafika matepi a vidiyo, nyumba zazikulu zija n'kuyamba kufa imodzi imodzi. Pamsika uliwonse panabadwa vidiyo shoo, kachisakasa ka mphasa kapena makatoni, mabenchi a matabwa, jenereta kuseri, chimkuzamawu panja kuti mfuti za Rambo ziziitana makasitomala. Pabolodi ankalemba ndi choko, Commando, Chuck Norris, Van Damme. Aphunzitsi ankadana nazo chifukwa ana ankathawa m'kalasi, ndipo ife abambo a nthawiyo tinayamba kuyankhula mawu omwe aja abusa ankanenera Jack.

M'kachisakasa kotere ndimo ndinaonera filimu imene mpaka lero ndimati palibe ina inalandiridwa mwamphamvu kuiposa. Imeneyi ndi Neria, ya ku Zimbabwe, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani analemba Tsitsi Dangarembga, anaitsogolera Godwin Mawuru, Neria anali Jesesi Mungoshi, ndipo Oliver Mtukudzi anaimba nyimbo zake n'kuseweranso malo a mlongo wake wa Neria. Mulibe kauboyi, mulibe karate. Mayi ndi mwamuna wake Patrick amanga banja m'tauni, onse awiri akugwira ntchito. Mwamuna afa pangozi. M'bale wa malemu, Phineas, afika n'kutenga buku la kubanki, katundu wa m'nyumba mpaka ana omwe, ati ndi mwambo. Neria apita kukhoti n'kupambana.

Vidiyo shoo anali malo a anyamata, mayi wodzilemekeza sankapondako. Koma mbiri ya Neria itamveka amayi anabwera, zitenje m'chiuno, ena ana kumbuyo, anyamata a Rambo n'kusowa pokhala. Zinali zaka zimene matenda aja anayamba kututa anthu apantchito m'matauni, maliro tsiku ndi tsiku, ndipo mayi aliyense m'chisakasamo ankadziwa nyumba imene abale a mwamuna anaisesa mpaka mapoto anthu asanamete n'komwe. Phineas akatulukira ankatukwanidwa ndi mayina a alamu enieni. Mayi wina wachikulire anaimirira n'kuloza galasi ndi chala, kumuuza kuti abweze bukulo msanga, mpaka mwini shoo anachita kuimitsa tepi kuti anthu akhale pansi. Abambo tinali zii. Panalibe mwamuna wa msinkhu wanga amene anali asanakhalepo pabwalo logawa katundu wa m'bale, mkazi wamasiye atakhala pakhonde kumangomvera, akuluakulu akuti tikusungira ana. Potuluka ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, ukawauze amuna ako alembe wilo akanali moyo. Lamulo latsopano la chuma cha masiye linadzabwera mu 2011, ndipo sindikunena kuti filimu ndiyo inalibweretsa. Koma nkhani ya wilo, imene kale inali ya maloya ndi anthu a ku Nyambadwe, inayamba kukambidwa pachigayo ndi pamjigo nthawi ya Neria.

Za ku Nigeria zija mukuzidziwa, za mfiti, abusa ndi apongozi ankhanza. Ophunzira ankazinyoza kuti n'zojambula mothamanga, koma ndizo zinafuta Rambo pabolodi chifukwa nkhope ndi mavuto ake zinali zathu. Anyamata a m'matauni amene amamasulira mafilimu a ku China ndi ku India m'Chichewa pa kompyuta, n'kumapatsa anthu a ku Shanghai mayina a ku Ndirande, akugwira ntchito ya wa chimkuzamawu uja ngakhale sanamuonepo. Athu enieni anachedwa. Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene inapata mphoto ku Lagos mu 2018, Joyce Mhango Chavula atatsogola kale ndi filimu yake Lilongwe mu 2016. Tinanyadira titamva pawailesi. Koma kafunseni pamsika wa Lizulu kuti ndani anawaonera, mukapeza owerengeka. Mbiri ya mphoto inafika kumudzi, mafilimuwo sanafike.

Filimu yobwera pambuyo pa onsewa ndi imene inatikanganitsa m'nyumba muno. Mu January 2019, ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America, anaonetsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene anasiya sukulu posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina a mphepo otulutsa magetsi ndi zitsulo zotola komanso njinga ya bambo ake. Pa 1 March Netflix inaitulutsa m'maiko ambiri. Anaitsogolera Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, yemwenso anasewera malo a bambo a William. William anali Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ake anali Aïssa Maïga wobadwira ku Senegal, ndipo wathu Lily Banda anali mlongo wake. Anajambulira kuno konkuno. Olemba za mafilimu a kunja anaitamanda, ndipo china chimene anayamikira n'chakuti Ejiofor sanathawire ku Chingerezi chokha, anaphunzira Chichewa n'kuchiika m'filimu. Ku Sundance inalandira mphoto, ndipo dziko la Britain linaitumiza ku mpikisano wa Oscar.

Kuno chomwecho chimene ankatamanda kunja ndicho chinautsa mapiri pachigwa. Iwo ankawerenga mawu olembedwa m'munsi, makutu alibe nazo ntchito. Ife tinkamvetsera. Bambo wa ku Wimbe atsegula pakamwa, mawu ndi a Chichewa koma pokwera akutsika, potsika akukwera, mpaka Achewa enieni kumawerenga Chingerezi cha m'munsi kuti amve Chichewa chawo. Pa Facebook panavuta. Ena ankati dziko lodzaza ndi osewera ili analepheradi kupeza bambo mmodzi? Ena ankayankha kuti popanda dzina la Ejiofor ndalama sizikanapezeka, ndipo nkhani ya mwana wa ku Wimbe ikanathera m'buku. Odziwa mbiri anawonjeza kuti makina oyamba a William ankayatsa mababu ndi wailesi pakhomo, zopopa madzi a kumunda zija zinabwera pambuyo, filimu inangozisendeza kuti ithe bwino.

Ine ndili mbali ya odandaula ndipo sindinasinthe. Munthu amene anakula akuonetsedwa anthu otchedwa ife koma osapeta monga ife sachedwa kuipidwa. Koma agogo anu aakazi, amene kwawo ndi ku Kasungu komweko ndipo anaika abale awo chaka cha njala chija, anaonera pa laputopu ya mmodzi wa inu mpaka kumapeto osayankhula. Iwo akuti lilime la mlendo silinawavute, alendo amayankhula choncho ndipo timawamva. Chimene anayang'ana ndi pamene banja likupangana zodya kamodzi patsiku, pamene anthu akupondana polimbirana chimanga chogula, ndi pamene amfumu akumenyedwa chifukwa chotchula njala pamsonkhano wa andale. Akuti pamenepo panalibe bodza ngakhale limodzi, ndiponso akuti gule amene akutuluka pa maliro m'filimumo sanachite kuphunzira, kayendedwe kake ndi kakudambwe.

Tikayamba kukangana, iwo amati ine ndilibe pakamwa poweruzira filimu imeneyi chifukwa ndinagona makina aja asanayambe kuzungulira. Limenelo ndi bodza. Ndinangotseka maso kuti ndimvetsetse Chichewa cha Ejiofor.